Ndinati Ndili Bwino

Kwathu ku Mchinji madzi aakulu timawadziwira pa Bua. M'maiwe ake ndi momwe tinaphunzirira kusambira tili ana, m'chilimwe madzi akamalekeza m'khosi, ndipo kusukulu ankatiuza kuti madzi omwewa akatha ulendo wawo amakathira m'nyanja ku Nkhotakota. Ndinakula, ndinayamba uphunzitsi, ndinakwatira, koma nyanjayo ndinali nditaiona kawiri kokha, ndipo maulendo onse awiri ndinangoviika mapazi, thalauza nditapinda. Ulendo wachitatu ndinalowa mpaka pansi pake, ndipo anachita kunditulutsamo anthu ena, ine osadziwa kanthu. Chimene chinafuna kundipha tsiku limenelo ndinalowa nacho ndekha m'madzimo, nditachibereka kumsana.

Ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina m'boma lathu lino. Chaka chimenecho mtedza unatikomera, tinagulitsa bwino pa Kamwendo, ndipo mayi a kunyumba anali atangolandira gawo lawo ku banki m'khonde. Tinali tikukwanitsa zaka 15 tili m'banja. Ife kuno ndalama ikapezeka maganizo amathamangira ku malata, feteleza ndi fizi. Zokapuma kunyanja timazionera kwa azungu olowera pa Mwami, akuchokera ku Chipata ndi magalimoto osenza katundu padenga. Ndinauza mayi kuti, "Nyanjayitu ndi yathunso. Tiyeni tikaione mmene amaionera anzathuwa." Anavomera. Koma ine mumtima ndinali ndi changa china. Zaka zonsezi ndakhala ndikujambula pa bolodi munthu ali pansi pa madzi, n'kumauza ana kuti ukatsika mamita 10, madzi amakupanikiza ndi mphamvu yofanana ndi ya mpweya wonse umene uli pamwamba pa mitu yathu. Ndinkafuna kuti kamodzi kokha makutu anga akamve zimene ndimalemba ndi choko.

Tinanyamuka mu Ogasiti sukulu zitatsekera, pa galimoto yobwereka kwa alamu anga. Lilongwe, Dedza, kutsetsereka Khwekhwerere mpaka pa Golomoti, kenako njira ya ku Monkey Bay, n'kupatukira m'mapiri kukatulukira m'mudzi wa Chembe, ku Cape Maclear. Amene sanafikeko sindingathe kumuuza bwino. Chilumba cha Thumbi chili poteropo, chobiriwira, chozingidwa ndi miyala ikuluikulu, ndipo chakumanja kuli Domwe. M'mphepete mwa madzi usipa uli mbuu pa thandala, amayi akutsuka mapoto, ana akudumphira m'madzi kuchokera pa mabwato, nkhwazi ikulira pamwamba. Apa ndi pamene amishoni a Livingstonia anayamba kumanga mu 1875, asanathawe malungo kupita ku Bandawe, ndipo manda a ena mwa iwo alipobe. Malowa anakhala paki yotetezedwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha tinsomba ta m'miyala totchedwa mbuna. Tinsomba timeneti ndi timene ndinabwerera.

Loji imene tinafikira sindiitchula dzina. Mmenemo mumagwira ntchito anthu osalakwa ambiri, ndipo ena mwa iwo ndi amene anandipulumutsa. Kulandira alendo ankakudziwa. Titangotsika anatipatsa juwisi wozizira ndi katawulo konyowa kopukutira kumaso. Pabedi anali atamwaza maluwa, neti itamangidwa bwinobwino, matawulo atapindidwa ngati mbalame. Mayi anajambula zonsezo pa foni n'kutumizira achemwali awo. Panali tinthu tina timene tinkabaya pang'ono. Pageti mlonda anayamba watifunsa ngati tabwera kudzaona wachibale wogwira ntchito momwemo. Madzulo chakudya chathu chinkabwera anthu a matebulo ena atayamba kale kupukuta pakamwa, ngakhale kuti ife ndi amene tinkayamba kuitanitsa. Mayi anandinong'oneza kuti tifunse. Ine ndinati, "Zisiyeni, ndife alendo. Mlendo ndi mame." Ndi mmene tinaleredwera: kwa eni sudandaula, wapatsidwa chiyani walandira ndi manja awiri.

Tsiku lachiwiri ndinalipira zoti ndikayese scuba, kubira pansi pa madzi utanyamula silinda ya mpweya. Wondiphunzitsa anali mnyamata wa m'mudzi momwemo, wofatsa, wodziwa ntchito yake. Atamva kuti ndine mphunzitsi anayamba kundiitana kuti aphunzitsi, ine ndikumuti achimwene. Anandipatsa chikalata cha masamba awiri cha m'Chingerezi, chofunsa za mtima, mphumu ndi khunyu, ndipo pansi pake panali mawu akuti ndikudziwa kuti masewerawa ali ndi ngozi zake. Ndinasaina. Kenako anandiveka: magalasi ophimba maso ndi mphuno, zipsepse za kumapazi, lamba wa zitsulo zolemera, jekete lopopa limene silinda imamangidwako, ndi chopumira cholumidwa pakamwa. Anandionetsa geji. Silinda yodzaza imaloza pa 200 bar, ndipo ikatsika kufika pa 50 ndiye kuti nthawi yokwera yakwana. Munthu woyesa koyamba sapitirira mamita 12. Ukamatsika uzitsina mphuno n'kupemerera pang'ono kuti makutu atseguke. Ndipo lamulo lalikulu, limene analibwereza katatu: usagwire mpweya m'chifuwa, chifukwa mpweya umene wapuma pa mamita 10 umafufuma kawiri pofika pamwamba, ndipo mapapo akhoza kung'ambika.

Pansi pa madzi sayankhula, ndiye anandiphunzitsa za manja. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zikakumana n'kupanga kabowo, ndiye kuti zili bwino, ndipo limenelo ndi funso, ndi yankho lomwe. Dzanja lotambasula ukamaligwedezera uku ndi uku, ndiye kuti pali vuto. Chala chachikulu choloza kumwamba chimatanthauza kuti tikwere. "Aphunzitsi," anatero, "chilichonse chikakuvutani, ngakhale chaching'ono, gwedezani dzanja. Palibe manyazi m'madzi." Masana amenewo tinayeserera pamadzi osaya kutsogolo kwa loji, nditagwada pamchenga. Mpweya wa m'silinda unali wouma, wozizira pang'ono, wopanda fungo lililonse. Ndinagona ndili wokondwa ngati mwana woti mawa apita kutauni.

Usiku umenewo magetsi anazima, ndipo jenereta inalira mpaka m'mawa. Chakum'bandakucha kunayambanso kulira injini ina, ya kompuresa yodzazira masilinda. Zonse ziwiri zinkamveka chapansipansi, ngati zili m'nyumba yotseka. Ndikukumbuka kuti ndinayamikira mumtima kuti anthuwa amaganizira tulo ta alendo.

M'mawa, tili pamchenga pafupi ndi boti, mnyamata uja anandiuza kuti ndipume kawiri katatu pa chopumira ndikuyang'ana geji. Ndinapuma. Pa lilime panatsala kafungo kamene dzulo lake kunalibe, konga ka pa depoti ya minibasi m'mawa injini zikamatenthetsedwa. Ndinati, "Achimwene, mpweyawu ukumveka ngati mafuta." Asanayankhe, manijala wa pamalopo, amene anali ataima chapafupi ndi kapu ya khofi, anayankha m'Chingerezi akumwetulira kuti limenelo ndi fungo la labala, ndipo aliyense woyamba kumene amatero chifukwa cha mantha. Mnyamata uja anaika chopumira chake pakamwa, anapuma, anayang'ana bwana wakeyo, kenako anayang'ana pansi. Kuyang'ana pansi kumeneko ndinakuona. Ndinakuona ndithu, koma ndinaganiza kuti ndikaumirira ndioneka wakumudzi amene sanaonepo zinthu, ndiponso ndimuika mwana wa eni m'mavuto. Ndinakwera boti. Tinalimo anayi: ine, mayi, mnyamatayo, ndi bambo wina wachikulire woyendetsa injini, amene kale anali msodzi wa chilimira. Azungu awiri amene tinayenera kupita nawo anasintha maganizo, anati apita masana.

Mwera unkaomba pang'ono, koma kuseri kwa Thumbi madzi anali phee. Tinatsika pang'onopang'ono motsata chingwe. Makutu anathina monga ndimauzira ana, ndinatsina mphuno, anatseguka. Ndipo ndisaname, zimene ndinaona kumeneko sindidzaziiwala. Miyala yaikulu ngati nyumba yasanjikizana mpaka kuzimiririka mumdima wobiriwira, ndipo pamwala uliwonse pali mbuna zosawerengeka, zabuluu wowala, zachikasu ngati nthochi yakupsa, zamizeremizere ngati mbidzi, zonse zikudya ndere pamwalapo mitu ili pansi. Sizithawa munthu. Imodzi inabwera mpaka pa galasi langa, n'kundiyang'ana, n'kubwerera ku ntchito yake. Mnyamata uja anandikodola n'kuloza pamphako ina. Panali nsomba yaikazi, tiana take tambirimbiri tikuyandama mozungulira mutu wake ngati utsi. Titayandikira inangoyasamula, tiana tonse tinathamangira m'kamwa mwake, n'kutseka. Ndinali nditawerengapo kuti nsomba za mtundu umenewu zimalerera ana m'kamwa, koma kuziona patali ngati apa ndi apo, mtima unandigunda. Ndinaganiza za ana a Fomu 3, kuti ndikawauza bwanji.

Mutu unayamba ngati chinthu chosafunika kuchilabadira. Kanali kakugunda m'mbali mwa maso, ndipo ndinati mwina lamba wa magalasi wathina. Mnyamata uja anatembenuka n'kundifunsa ndi zala zija. Ndinamuyankha ndi kabowo komweko: zili bwino. Tinapitirira. Kugunda kuja kunasanduka chingwe chomangidwa kuzungulira mutu wonse, wina akuchikoka kumbuyo. Mseru unabwera. Miyendo inalemera ngati ndikuyenda m'dambo nthawi ya dzinja. Anandifunsanso, ndipo ndinayankhanso chimodzimodzi.

Apa ndi pamene ndimaima nthawi zonse ndikamaikumbuka nkhaniyi. Palibe amene anandigwira dzanja. Chizindikiro cha vuto ndinkachidziwa, anali atandiphunzitsa dzulo lake lomwe. Koma dzanja linayankha lokha zimene pakamwa panga pakhala pakuyankha moyo wanga wonse. Kwathu ukafunsidwa kuti muli bwanji umati ndili bwino, kaya inu. Timatero tili pa mzere wa kuchipatala. Amayi anga anatero ali gone pa mphasa, kutatsala masiku awiri kuti atisiye. Ndi ulemu wabwino, ndipo sindiunyoza, chifukwa umasunga anthu pamodzi. Koma funso la pansi pa madzi silinali moni. Mnyamatayo ankafunsadi, ndipo ine ndinamupatsa moni. Mwina panthawiyo nzeru zinali zitayamba kale kusokonekera ndi mpweya woipawo, chifukwa umatero. Koma yankho loyamba lija ndinalipereka mutu uli bwinobwino.

Kachitatu sanafunse. Ndinali nditakweza geji kuti ndione, manambala ndikuwaona koma osatha kuwawerenga, ngati zilembo za chiyankhulo china. Ndinamva dzanja likugwira lamba wa jekete langa pachifuwa. Nkhope yake inali pafupi ndi yanga, maso ali psuu, chala chake chikuloza kumwamba. Tinayamba kukwera. Ndikukumbuka kuwala kukukula pamwamba pathu, mthunzi wa boti, thovu likuthamangira kumeneko. Kenako kuwala kuja kunayamba kuchepa kuchokera m'mbali, kutsala kadontho, n'kuzima.

Zotsatirazi ndinachita kuuzidwa ndi mayi, ndipo anandiuza kamodzi kokha. Akuti bambo wa boti uja anali atayamba kale kudera nkhawa, chifukwa ankatsatira thovu lathu pamwamba pa madzi ndipo anaona kuti laima malo amodzi. Mitu iwiri itatulukira, wina unali wopendekeka. Mnyamata uja anali atandigwira chopumira pakamwa ndi dzanja limodzi njira yonse, linalo akupopa jekete langa, ndipo atangofika pamwamba anamasula lamba wanga wa zitsulo n'kumutaya, iye n'kuyamba kusanza. Analibenso mphamvu zondikankhira m'boti. Bamboyo sanavule n'komwe malaya, anangodziponya m'madzi, kundimasula silinda, kundikweza ndi phewa, mayi akukoka ndi manja. Anandigoneka cham'mbali. Ndinkapuma, koma osayankha. Mayi akuti anandiitana ndi dzina langa lenileni, limene chikwatirane sananditchulepo. Bamboyo anawauza kuti, "Mayi, musalire, gwirani mutuwu usagunde thabwa," n'kuliza injini.

M'botimo munalibe okosijeni. Pofika kumtunda anathamangira bokosi la chithandizo choyamba, n'kupeza lokhoma, kiyi ali ndi munthu amene anapita kukagula zinthu ku Monkey Bay. Atathyola loko anapezamo silinda yaing'ono ya okosijeni, koma geji yake ili pa ziro. Ine ndinatsitsimuka ali mkati mondinyamula kupita ku galimoto, ndipo chimene ndikukumbuka ndi mutu, ngati wina akuwaza nkhuni mkati mwake.

Kuchipatala anandiika pa makina a okosijeni, n'kundiyeza malungo, osawapeza. Patapita nthawi maso anayamba kuona bwino. Pa benchi moyang'anizana nane panakhala mnyamata uja, atagwira mutu ndi manja awiri, beseni lili pamapazi. Ndinamufunsa chimene chikumupweteka. Anati mutu, mseru, chizungulire. Anthu awiri, wina wozolowera madzi wina mlendo, odya zosiyana, ogona kosiyana, koma matenda amodzi nthawi imodzi. Chimene tinagawana chinali mpweya basi. Pamenepo ndinakumbukira mwezi wa Juni wina ndili mnyamata, pamene m'mudzi mwathu tinaika mayi wina ndi mwana wake tsiku limodzi. Kunazizira kwambiri usiku umenewo, monga kumachitira kwathu kuno, ndipo analowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka chitseko ndi zenera. M'mawa anawapeza ali gone ngati ali m'tulo.

Ndi carbon monoxide, mpweya umene umatuluka makala kapena petulo akamayaka pamalo opanda mpweya wokwanira. Ndimauphunzitsa chaka chilichonse. Ulibe mtundu, ulibe fungo. Chimene ndinamva pa lilime chinali utsi ndi mafuta zimene zinalowa nawo limodzi. Ukalowa m'magazi umakakamira pamalo pamene pamayenera kukhala okosijeni, ndipo umagwira mwamphamvu kuposa okosijeniyo kopitirira ka 200. Pansi pa madzi zimaipiraipira. Pa mamita 10 mpweya umakhala wopanikizika kawiri, ndiye kupuma kumodzi kumalowetsa poizoni wowirikiza. Komanso kupanikizika komweko kumakankhira okosijeni wochulukirapo m'magazi, n'kumakuchirikiza osadziwa kuti wavulala kale. Ukamakwera mchirikizo uja umachoka, n'chifukwa chake ine ndinakomoka kutatsala pang'ono kufika pamwamba. Mankhwala ake ndi okosijeni. Munthu akamapuma mpweya wamba pamatenga maola anayi kapena asanu kuti theka la poizoniyo lichoke m'magazi, koma pa okosijeni weniweni ola limodzi ndi theka silikwana. Silinda yopanda kanthu ija inali yofunika kuposa china chilichonse pa loji ponse paja.

Ndinachotsa chopumira cha kuchipatalacho n'kufunsa mnyamatayo kuti m'mawa uja anadzaza masilinda angati. Anati asanu ndi imodzi. Ife tinatenga awiri. Azungu aja ankanyamuka 2 koloko ndi mnzake wina wa mnyamatayo.

Mayi sanadikire kuti ndimalize. Anatuluka, anakwera kabaza, n'kubwerera ku loji. Anapeza masilinda anayi aja atandandalikidwa kale pamchenga. Mayi a kunyumba kwanga ndi munthu wosakweza mawu, Chingerezi chawo n'cha Fomu 2, koma akuti anakaima pakati pa masilindawo ndi boti, chitenje chili chonyowabe, n'kunena kuti palibe amene atenge chinthu apa, amuna anga ali kuchipatala chifukwa cha mpweya umenewu. Manijala anayesa kuwatengera pambali kuti akakambirane ku ofesi, alendo asamve. Anakana. Mmodzi wa azungu aja, mzimayi amene zikuoneka kuti anabirapo m'mayiko ambiri, anafunsa chimene chikuchitika. Anatsegula silinda imodzi pang'ono, ananunkhiza, kenako anatenga kansalu koyera n'kukagwira pakamwa pa silindayo mpweya ukutuluka. Pakansaluko panatsala banga lachikasu. Ananena mawu ochepa chabe, ndipo nthawi yomweyo masilinda onse anabwezedwa. Mawu ake anali omwe aja ndinanena ine m'mawa pamchenga womwewo. Ndimathokoza Mulungu kuti anamumvera. Koma mpaka lero zimandiwawa kuti kununkhiza kwa mphuno yanga kunatchedwa mantha, kwa mphuno yake kunakhala umboni.

Madzulo manijala anabwera kuchipatala. Anati n'zomvetsa chisoni kuti holide yathu yasokonekera, ndipo kuchita mantha m'madzi kumachitikira anthu ambiri. Anali ndi chikalata chija m'manja, atachipinda mwakuti siginecha yanga izioneka. Anati loji yaganiza zotipatsa usiku umodzi waulere ndi chakudya chamadzulo cha chambo. Ndinamuyankha m'Chichewa, chifukwa ndinkadziwa kuti amachimva. Ndinati, "Bwana, chimene ndinasainira ndi ngozi za m'madzi. Utsi wa injini sindinausainire. Ndipo mwana uyu ali apayu, amene wandivuula, mwamufunsa kuti ali bwanji?" Sanamufunse. Anangomuuza kuti mawa apume.

Tisananyamuke, patapita masiku awiri, mnyamatayo ananditengera kuseri kwa khitchini anthu ali pa chakudya cham'mawa. Kanali kanyumba ka njerwa, kofolera ndi malata, kotalika ngati masitepe anayi. Zenera lake limodzi linali lotsekedwa ndi makatoni ndi matumba, ndipo m'mphepete mwa chitseko anakhomamo zidutswa za matiresi. Mkatimo munali jenereta, ndipo pambali pake, kutalikirana ngati mkono umodzi, kompuresa ya injini ya petulo. Khoma la kuseri kwa ekizozi linali bii ndi mwaye. Paipi yokokera mpweya, imene imayenera kutuluka panja, kukwera m'mwamba, kuloza kumene mphepo ikuchokera, inali itang'ambika pakati. Wina anaimanga ndi mphira ya chubu cha njinga, mphirayo inafumuka ndi kutentha, ndipo paipiyo inkayamwa mpweya wa m'kanyumba momwemo. Pamsomali panapachikidwa kabuku kolembamo tsiku losinthira fyuluta. Tsamba lomaliza kulembedwa linali lofiirira ndi fumbi. Ndinafunsa kuti n'chifukwa chiyani makinawa ali m'nyumba. Anati kale ankakhala panja pansi pa mtengo, koma alendo ena analemba pa intaneti kuti phokoso limawadzutsa, ndiye analamulidwa kuti alowetsedwe ndipo mipata yonse itsekedwe. Za paipiyo akuti ananenapo kangapo, ankangouzidwa kuti idzagulidwa.

Ndinaima pakhomo paja nthawi yaitali. Kanyumba kameneka kanali mbaula m'nyumba yotseka, ndipo anakatseka pofuna kusangalatsa mlendo, ine ndemwe, amene ndinayamikira usiku uja kuti phokoso silikumveka. Nditabwerera kumudzi ndinawerenga zimene anthu amalemba za malo ngati amenewa. Amayamikira chakudya, kulowa kwa dzuwa, ukhondo wa m'bafa, kumwetulira kwa antchito, n'kupereka nyenyezi zisanu. Sindiwadzudzula, chifukwa munthu amalemba chimene waona, ndipo eni malo amakonza chimene chimalembedwa. Maluwa a pabedi amaoneka pa chithunzi. Fyuluta, paipi ndi geji ya okosijeni zili kuseri kwa khitchini kumene mlendo safikako, ndipo amene amafikako tsiku ndi tsiku ndi mnyamata woopa kuchotsedwa ntchito, m'mudzi momwe ntchito ya malipiro a pamwezi ndi yosowa. Iyeyo sindimusungira chakukhosi. Anayang'ana pansi pamchenga paja monga ndinachitira ine, kenako anandinyamula mamita onse aja iyenso poizoni ali m'magazi.

Anzanga ku sitafu rumu atamva anati, mwaonatu, za azungu zimenezo, ife a kumtunda tilibe nazo gawo. Pamenepo ndimakana. Nyanja sinandilakwire, ndipo alipo anthu m'mphepete mwake amene ntchito imeneyi amaigwira mosamala. Mwana wa ku Mkanda kapena ku Kapiri ali ndi ufulu woona mbuna ndi maso ake ngati wina aliyense wochokera kutali. Chimene ndimawauza n'chakuti akadzapita, asanalipire adzapemphe kuona kumene amadzazira masilinda, adzaone ngati m'boti muli okosijeni ndipo geji yake ikuloza pati, ndipo mpweya ukadzamveka fungo lililonse adzavule jekete n'kukhala pansi, kaya wina amwetulire bwanji. Wa ntchito yake yolongosoka sakwiya ndi mafunso amenewa.

Mutu unandivuta pafupifupi mwezi wathunthu. Teremu itayamba ndinkati ndikalemba pa bolodi, mawu odziwika bwino n'kungosowa, ine chiimire ndi choko m'manja, ana akudikira. Zinatha pang'onopang'ono. Chimene sichinathe ndi cha mayi. Mpaka pano ndikagona tulo tofa nato masana, ndimadzidzimuka dzanja lawo lili pachifuwa panga. Sanena kanthu, amangochotsa n'kutuluka. Ndinalembera kalata eni ake a loji ija, yofotokoza zonse mwatsatanetsatane, ndi chithunzi cha paipi chimene ndinajambula ndekha pa pepala monga ndimachitira m'kalasi. Yankho silinabwere.

Amene anaimba ndi mnyamata uja, chakumapeto kwa Okutobala, ndili kumunda tikukonza mizere. Tinapatsana moni, ndipo nditamufunsa za mutu anati unasiya. Ntchito akadali nayo. Anati kompuresa anaitulutsa, ili pansi pa mtengo pomwe inali kale, ndipo paipi yatsopano anaimangirira pa nthambi ndi manja ake. Ananditumizira chithunzi pa WhatsApp: paipi yakuda ikukwera m'masamba, kumbuyo kwake kukuoneka nyanja ndi nsonga ya Thumbi. Ndinamufunsa za bambo wa boti, anati ali bwino, amafunsa za ine. Ndiye ndinati, "Nanga silinda ya okosijeni ija, achimwene, anadzaza?"

Anakhala chete pang'ono. "Akuti apita nayo ku Blantyre mwezi wamawa, aphunzitsi."

Ndinamuuza kuti mwezi wamawa ndidzaimbanso.